Dayale ya zaka zisanu ndaimaliza: kasokedwe n'kabwino, mavesi ndi aphuma

Lastiki yake inafooka chaka chachiwiri chisanathe, ndipo kuyambira pamenepo bukuli ndakhala ndikulimanga ndi chingwe cha nsapato. Ndayambira pamenepa kuti amene mwangobwera kudzamva ngati n'lolimba mumveretu: chikuto n'cholimba, masamba ndi osokedwa ndi ulusi osati omatidwa ndi guluu, koma lastiki ndi yachabechabe. Zotsalazo zitenga kanthawi, chifukwa chinthu chimene wagona nacho kumutu kwa bedi masiku 1,827 sungachiweruze ngati ketulo.

Kwa amene simunaionepo dayale yamtunduwu, tsamba lililonse ndi la deti limodzi. Tsamba la 3 Meyi, mwachitsanzo, analigawa zigawo zisanu kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. Chigawo chilichonse chimayamba ndi 20 ndi kampata koti umalizitse wekha chaka, kenako mizere isanu. Ukamaliza chaka choyamba umabwerera ku 1 Januwale n'kuyamba kulemba m'chigawo chachiwiri, pansi penipeni pa zimene unalemba chaka chatha tsiku ngati lomwelo. Pamwamba pa tsamba pali vesi la m'Baibulo la tizilembo ting'onoting'ono. Kukula kwa buku ndi A5, masamba a madeti alipo 366. Ine ndinayamba Lachitatu pa 1 Januwale 2020 ndipo ndinatseka Lachiwiri pa 31 Disembala 2024, choncho tsamba la 29 Febuluwale lili ndi zolemba ziwiri zokha, za 2020 ndi za 2024. M'zigawo zitatu zotsalazo ndinajambulamo maluwa osaoneka bwino usiku wina tulo titakana.

Anandipatsa ndi achemwali anga kumapeto kwa 2019. "Chaka chikubwerachi n'chako, mng'ono wanga," anatero. "Uzilemba, udzatiwerengera uli agogo." Ndinali ndi zaka 31 ndipo zinthu zinali zitandandalika bwino moti ndinkachita nazo mantha.

Usanafike pa madeti pali tsamba limodzi la zolinga, mizere khumi, uliwonse ndi kabokosi kochongamo ukakwaniritsa. Ndinalemba zinayi ndi inki yakuda, chilichonse ndi nthawi yake, ngati ndine ndimagawa masiku. Ukwati, 15 Ogasiti 2020. Kunyamuka kukachita digiri yachiwiri kunja, Seputembala 2020, pa sikolashipu imene kalata yake inali kale m'manja mwanga. Mwana woyamba, 2022. Nyumba yathuyathu, 2024. Lero tibokosi tonse tinayi tili mbee.

Pa 11 Malichi 2020 ndinalemba mizere iwiri: "A WHO akuti matenda aja tsopano ndi mliri wa dziko lonse. Diresi ndikayezenso Loweruka, m'chiuno yathina." Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu. Ineyo ndi amene makutu anga anali kudiresi. Sukulu anaisunthira ku Seputembala 2021. Mu Epulo 2021 munabwera imelo ya mizere itatu yonena kuti thumba la ndalama lija latsekedwa ndipo akundifunira zabwino zonse. Za ukwati ndingokuonetsani tsamba lake, chifukwa ubwino wonse wa bukuli uli pamenepo. Nali tsamba la 15 Ogasiti mmene lilili.

2020, Loweruka: "Likanakhala lero. Tasunthira ku Disembala. Iye akuti miyezi inayi si kanthu. Ambuye, nthawi yanu ndiyo yabwino." Chiganizo chomalizacho ndinachidula mzere kawiri kunsi kwake.

2021, Lamlungu: "Sindinapite kutchalitchi. Mphete ndinabweza mwezi watha. Ali ndi wina ndipo ndi woyembekezera. Nthawi yanu itiyo?"

2022, Lolemba: "Amayi akweza dzanja lamanja mpaka paphewa. Wa mafizo wasangalala. Ine msana."

2023: palibe mawu. Pali chaka chokha, ndi kadontho pamene cholembera chinatera n'kukhala osayenda.

2024, Lachinayi: "Mpopi wa kubafa ukudonthabe. Malipoti atha, ndaweruka mochedwa. Ndangozindikira pano kuti lero ndi 15 Ogasiti."

Chiganizo chomalizachi palibe mlaliki akanandipatsa. Tsiku limene kwa zaka zinayi ndinkalimva likubwera kuyambira mu Julayi, m'mimba mukuchita kuzizira, linafika n'kutsala pang'ono kudutsa ine ndikulimbana ndi mpopi. Dayale wamba sikanandionetsa zimenezi, chifukwa imabisa chaka chatha m'buku lina limene lili pansi pa katoni. Facebook imakukumbutsa, inde, koma imakukumbutsa zimene unaonetsa anthu. Bukuli limakuonetsa zimene unauza Mulungu uli wekha, zisanu zonse pamodzi, ndi malembedwe a dzanja lako a tsiku limenelo. Za 2020 n'zozungulira bwino ngati za mwana wasukulu wofuna kuyamikiridwa. Za 2021 zinadinda mpaka tsamba la kuseri.

Tsopano mavesi, pamene ine ndi opanga bukuli tinasemphana.

Yeremiya 29:11 imapezeka kanayi m'bukuli, kuyambira pa 1 Januwale penipeni. Ndi vesi lija lonena kuti Mulungu akudziwa zimene akutilingalira, zamtendere osati zoipa. Mu 2020 ndinkalikonda. Mu 2021, nditalipeza kachitatu, ndinapsa mtima n'kutsegula Baibulo kuti ndione amene ankauzidwa mawu amenewa ndani. Ndi kalata. Yeremiya ali ku Yerusalemu analembera anthu amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya mu 597 Khristu asanabadwe. Vesi la pamwamba pake, la 10, limene opanga dayale sanalisindikize paliponse, limatchula nthawi yake: zaka 70. Munthu wa zaka 31 amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anangowerengera zala n'kudziwa kuti mafupa ake adzatsala komweko. Ndipo malangizo ake sanali akuti khalani pakhomo ndi katundu womangamanga. Anauzidwa kumanga nyumba, kulima minda, kukwatira ndi kukwatitsa ana, ndi kupempherera mzinda wa anthu amene anawagwira ukapolo.

Chimene chinandikhazika pansi ndi mutu 28. Kunali mneneri wina, Hananiya, amene anaimirira m'nyumba ya Mulungu n'kulengeza kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera mwakale, ziwiya za m'kachisi, mfumu ndi anthu omwe. Anachotsa goli lamtengo limene Yeremiya anavala m'khosi n'kulithyola anthu akuona. Yeremiya yemwe poyamba anati ameni, zikhale choncho, chifukwa ndani sangafune zaka ziwiri m'malo mwa 70? Koma sizinali zoona. Hananiya analankhula mwezi wachisanu, mwezi wachisanu ndi chiwiri anamwalira. Nditawerenga ndinaona kuti osankha mavesi a dayale yanga, ndi mtima wabwino ndithu, anatenga mawu a Yeremiya n'kuwaimbitsa nyimbo ya Hananiya. Ndinaonanso kuti si iwo okha. Aliyense amene ankandigwira paphewa n'kunena kuti "chaka chino n'chako" ankathyola goli limene silinali lake. Nanenso ndinkalithyolera ena, ndisaname.

Usiku wina ndinadutsa masamba onse 366 ndikuyang'ana mavesi okha. Salimo 13 mulibe, lija limene Davide amafunsa kanayi motsatizana kuti kufikira liti. Salimo 88 mulibe, limene limathera mumdima osatembenukira kuchiyamiko. Mlaliki 3 alimo, koma vesi 1 ndi 11 okha, kuti chilichonse chili ndi nthawi yake ndipo Mulungu anachikongoletsa pa nthawi yake. Mndandanda wa pakatiwo, wa nthawi 28, anaudumpha, ndipo mmenemo ndi mmene muli nthawi yotaya, nthawi yong'amba, nthawi yolira, nthawi yoleka kukumbatirana. Yomalizayi tonse tinaiona ndi maso mu 2020. Buku loti munthu akhale nalo zaka zisanu liyenera kudziwa kuti m'zaka zisanu muli maliro. Ili analikonza ngati kuti wogula aliyense zimuyendera kuyambira chigawo choyamba mpaka chachisanu.

Amayi anadwala sitiroko mu Malichi 2022. Achemwali ali ndi ana atatu ndipo amakhala kutali, choncho amayi anabwera kwa ine, amene ndinalibe mwamuna, mwana, kapena sukulu. Ndinawasamala miyezi 15. Apa ndiyamikire kasokedwe kaja: bukuli ukalitsegula limagona pansi osadzitseka, ngakhale pakati penipeni, ndipo zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka utalemba uli pampando wa m'chipatala, buku lili pabondo, dzanja lina litagwira dzanja la wodwala. Mabuku omata ndi guluu amafuna manja awiri, ndipo ukawakakamiza amathothoka masamba. Ili tsamba ngakhale limodzi silinachoke.

Mizere isanu ija ndinkaiona yochepa poyamba. Imalowa mawu 35 kapena 40 ngati dzanja lako ndi laling'ono, ndipo mizereyo ndi yothinana. Mu 2020 ndinkasefukira m'mbali. M'miyezi ya matenda ndinaona kuti ndiyo mlingo wa munthu wotopa. Tsamba lathunthu likanandiopsa ndipo ndikanasiya. Mizere isanu umatha kuidzaza ndi zoona zokhazokha: amwa mankhwala, anena dzina langa momveka, ndawakalipira, ndapepesa.

Amayi anali ndi mawu awo amene ndinkawaseka ndili mtsikana. Ukati tidzabwera Loweruka, iwo "Mulungu akalola." Ukati madzi awira posachedwa, "akalola." Ndinkati ndi chizolowezi chabe, ngati kutsokomola. Sitiroko inawalanda mawu ambiri, mayina a zinthu, masiku a pamlungu, ngakhale dzina la achemwali kwa miyezi iwiri. Koma usiku uliwonse ndikazimitsa nyale n'kunena kuti, "Amayi, tionana m'mawa," kuchokera mumdimamo kunkabwera pang'onopang'ono, lilime likulemera, "Aka...lola, mwananga." Ndi zomwezo zimene Yakobo analemba pa mutu 4, podzudzula onena kuti lero kapena mawa tipita kumzinda wakuti, tikakhala chaka, tikachita malonda n'kupindula, osadziwa za mawa lomwelo. Ine ndinali nditawerenga ndimeyo kambirimbiri ndisanalembe madeti anayi aja ndi inki. Amayi sanafike patali ndi sukulu koma anali ataimeza yonse m'mawu amodzi. Opanga bukuli akanafuna, akanaika vesi limenelo pamwamba pa tsamba la zolinga. Anaikapo lonena kuti Mulungu adzakupatsa zokhumba za mtima wako.

Anamwalira Lachisanu pa 9 Juni 2023. Ndipo apa pali chenjezo limene silinalembedwe pachikuto. Usiku umenewo ndinatsegula kuti ndilembe ola lokha limene anatisiya, ndipo pamwamba pa tsambalo, m'chigawo cha 2020, ndinapeza dzanja langa lozungulira bwino lija: "Amayi aimba katatu ndili pamsonkhano. Amangofuna kudziwa ngati ndikuvala masiki. Ndawayankha mwaukali, andisokoneza." Bukuli lilibe chisoni. Chimene chimalichititsa kukhala labwino pa 15 Ogasiti ndi chomwecho chimene chimakubaya pa 9 Juni. Mu 2024 masamba a mlungu umenewo ndinawapana ndi kapini n'kudumpha. Ngati mukufuna kugulira munthu amene wangoferedwa kumene, ganizirani kawiri. Zigawo zopanda kanthu m'buku langa ndinaziwerenga, zilipo 214, ndipo zambiri ndi za 2023.

Patapita masiku angapo amayi busa anabwera kudzandiona. Ndi munthu wabwino, anakhala nane madzulo onse. Potsanzika anandigwira manja onse awiri. "Mwaona mwana wanga? Mulungu anatseka za kunja zija kuti muwasamale mayi anu. Iye sachedwa, safulumira." Ndinati, "Zikomo kwambiri amayi," koma zimene ndinalemba usiku umenewo sindingazikopere pano.

Chovuta n'chakuti masamu awo anali olondola. Ndikanapita mu Seputembala 2021 kwa zaka ziwiri, matenda onse a amayi akanandipeza ndili kutali, ndipo "akalola" uja ndikanamumva pafoni kapena osamumva n'komwe. Lero ndikaganiza, miyezi 15 ija sindingaisinthanitse ndi pepala lililonse. Koma masamu amenewo amathera panjira. Safotokoza chifukwa chimene amayi anayenera kudwalira. Safotokoza za mphete. Ndipo ngakhale pamene akulondola, sanali oti andiuze munthu wina mlungu wa maliro.

Anthu amakonda kutchula Yosefe pa nkhani zoterezi, kuti abale ake anamuchitira zoipa koma Mulungu anazisandutsa zabwino. Ndinakhala pansi n'kuwerengera zaka zake. Anagulitsidwa ali ndi zaka 17. Anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Kenako panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri ndi ziwiri za njala, ndiye kuti pamene ankadziulula kwa abale ake n'kunena kuti Mulungu ndiye ananditsogoza kuno, anali ndi zaka 39. Zaka 22 chiponyedwere m'dzenje. Ananena yekha, pakamwa pake, akulira mokweza mpaka Aigupto anamva. Palibe amene anasuzumira m'dzenje muja n'kumuuza kuti limba mtima, izi n'zabwino. Ndipo pali kanthu kena kamene dayale yokha ndiyo inandiphunzitsa kukaona. Yosefe ali m'ndende anapempha woperekera chikho wa Farao kuti akamukumbukire akatuluka, munthuyo n'kumuiwala. Baibulo limangoti patapita zaka ziwiri zathunthu, n'kupitiriza nkhani. Theka la vesi. M'buku ngati langa, zaka ziwiri ndi zigawo 730, chilichonse ndi mizere yake isanu yoti udzaze usiku, usakudziwa kuti Farao adzalota.

Ndibwerere kupepala pang'ono, ena angati ndaiwala kuti ndikuweruza buku. Ndi lachikasu pang'ono, losathobwa m'maso, lopyapyala koma bolopeni wamba saonekera kuseri. Inki ya madzimadzi imaonekera, ndipo popeza masamba onse awiri ndi ofunika, ingokhalani pa bolopeni. Likanyowa limakwinyika koma silibooka. Muli timaliboni tiwiri tosungira malo, timene timayamba kusomboka kunsonga pakatha miyezi yochepa. Kuwaula nsongayo pang'ono ndi machesi kumathetsa vutolo. Pofika chaka chachinayi bukuli linatupa pafupifupi theka la kukula kwake, ndi inki, thukuta la m'manja ndi timapepala timene ndinkalowetsamo. Chikuto chakuda chinayera m'makona koma sichinang'ambike.

Kumapeto kuli masamba asanu ndi atatu a mapemphero, ogawidwa pawiri: tsiku lopempha, tsiku loyankhidwa. Lingaliro lake ndi labwino ndipo pa zinthu zina linagwira ntchito. Pali mizere yodzaza mbali zonse ziwiri imene ndikanaiwala, monga ntchito ya mlamu wanga, ndi dzanja la amayi lija. Koma kagawidweko kamaganiza kuti pemphero lililonse ndi kalata imene yankho lake langochedwa panjira. Kalibe malo a "ayi." Kalibe malo a zinthu zimene unasiya kuzipempha chifukwa wopemphayo anasintha. Mu 2023 ndinatenga lula n'kudula mzere wachitatu ndekha. Pamwamba pake sindinalembe mutu chifukwa sindinaupeze, koma ndi mmene muli ukwati uja ndi sikolashipu.

Paulo akanakhala ndi zolowetsa mumzere wachitatuwo. M'kalata yake kwa Aroma, mutu 15, akulemba ngati munthu amene wamaliza kale mapulani: apita kaye ku Yerusalemu kukapereka thandizo la osauka, kenako adzera ku Roma popita ku Spain. Kawiri konse akutchula Spain. Ku Yerusalemu anamangidwa. Anakhala zaka ziwiri m'ndende ku Kaisareya, bwanamkubwa Felike akumusunga uku akuyembekeza chiphuphu. Chombo chinasweka, anakhala miyezi itatu pachilumba cha Melita, ku Roma n'kukafika ali womangidwa, n'kukhalanso zaka ziwiri m'nyumba ya lendi msilikali akumulondera. Buku la Machitidwe limathera pomwepo, Spain osamutchulanso. Ahebri 11 nayonso, potchula mayina a anthu achikhulupiriro akale, imanena kawiri kuti anthuwa anafa asanalandire zimene analonjezedwa. Ine ndikamamva kuti nthawi ya Mulungu ndiyo yabwino ndinkamva kuti chinthu changa chomwecho chibwera, basi yangochedwa. Zaka zisanu zili patsamba limodzi zinandionetsa kuti nthawi zina basiyo siibwera, ndipo Mulungu amakhala nawe pomwe waimapo, ukumulankhula mawu osayenera. Marita ndi Mariya onse awiri anamuuza Yesu maso ndi maso kuti mukanakhala kuno mlongo wathu Lazaro sakanafa, Yesuyo atachita kukhalitsa dala masiku awiri kumene anali. Sanawadzudzule. Kwa Mariya sanayankhe n'komwe ndi chiphunzitso, anafunsa kumene anamuika, n'kulira. Vesi limenelo, lalifupi kwambiri, likanakwana bwino pamwamba pa tsamba lililonse, koma m'bukuli mulibe.

Mwina mukudikira kuti ndinene zimene zinabwera m'malo mwa zinayi zija. Palibe chachikulu. Sindinakwatiwe. Nyumba ndikuchitabe lendi. Mu Januwale 2024 ndinayamba digiri ija pa intaneti, phunziro limodzi pa teremu, ndikulipira ndekha, ndipo pa liwiro limeneli ndimaliza tsitsi litayamba imvi. Mwana wachiwiri wa achemwali amakhala ndi ine ndipo amanditchula mayi aang'ono, koma sindikunena kuti ndiye mwana wa 2022 uja, ameneyo kulibe. Chimene ndingaloze ndi chala ndi kusintha kwa mapemphero ukamatsika tsamba. Chigawo choyamba chimalamula ndi madeti. Chachiwiri chimazenga mlandu. Chachitatu chimapempha mphamvu za usiku umodzi. Chachinayi nthawi zambiri chili duu. Chachisanu chimasimba za tsikulo ngati mmene umachitira ndi munthu amene mwakhala naye nthawi yaitali, mwakanganapo, ndipo palibe amene wachoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambiwo sunena kuti podikirapo umakhala ukumwetulira.

Ndiye ndingalimbikitse ndani kugula? Munthu amene mapulani ake angogwa kumene, inde, koma adziwe kuti chaka choyamba bukuli silimupatsa kanthu. Ndi dayale yaing'ono chabe yokhala ndi malo ambiri opanda kanthu kunsi. Phindu limayamba pa 1 Januwale wachiwiri ndipo limakula chaka ndi chaka. Munthu wokonda kulemba zambiri asunge kope lina pambali. Munthu amene akufuna kuti vesi la tsiku limuuze zimene zichitike, ameneyo bukuli limupweteka, chifukwa mavesi ake amalonjeza tsiku lililonse ndipo zolemba zake zomwe zidzakhala zikuwatsutsa kunsi kwake. Langizo langa n'lakuti vesi likakukhudzani, tsegulani Baibulo muwerenge mutu wonse, ndi wa kumbuyo kwake womwe. Pogula, tsegulani pakati muone ngati ulusi ukuoneka. Onaninso ngati tsamba la 29 Febuluwale lilimo, ndipo ngati chaka anasiya kuti mulembe nokha, chifukwa mudzadumpha masiku, mwina miyezi, ndipo buku lokhala ndi zaka zosindikiziratu limakuchititsa manyazi mpaka kulisiya.

Achemwali anabwera pa Khirisimasi ya 2024 n'kuliona patebulo ndi chingwe chake cha nsapato. Analinyamula, kuliyeza kulemera, osalitsegula.

"Ndinakulakwira kodi, pokupatsa chimenechi?"

"Ayi achemwali. Koma munati chaka chija n'changa."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye ndinali mneneri wonama?"

"Muli ndi mnzanu pa Yeremiya 28. Koma inu mwapitirira miyezi iwiri, musaope."

Buku lachiwiri ndinagula ndekha, la opanga omwewo, chifukwa losokedwa bwino chonchi sindinalipeze kwina. Mavesi ndi omwe aja, Yeremiya 29:11 ali pomwe paja pa 1 Januwale, ndipo pambali pake ndinalembapo kuti "onani vesi 10." La 2025 mpaka 2029 lidzakhala ndi 29 Febuluwale mmodzi yekha, mu 2028. Patsamba la zolinga ndalembapo ziwiri, ndi pensulo, zopanda madeti. Lastiki ndinaidula ndi sizasi tsiku loyamba lomwelo, n'kusamutsira chingwe cha nsapato chija.